Kodi bimu imeneyi isenza? Mafunso ndi mayankho pa masamu a konkire ya zitsulo

Msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsekedwa, ndalama zambiri za alimi a kwa Kapelula ku Kasungu zimathera pa njerwa, malata ndi simenti. Masiku ano ena sakulekera pa nyumba yogona. Akufuna golosale ya khomo lalikulu, nyumba yosungiramo matumba, thanki ya madzi yokwezeka m'mwamba, ngakhale nyumba yosanja. Zonsezi zimadalira konkire yokhala ndi zitsulo mkati, ndipo funso la mwini ndalama limakhala limodzi: ndidziwa bwanji kuti chimenechi sichindigwera? Njira yakale kwambiri yoyankhira funsoli mainjiniya amaitcha working stress method. Nawa mafunso amene womangitsa ndi mmisiri angakhale nawo pa njirayi.

Kodi working stress method n'chiyani?

Ndi njira yowerengera kukula kwa bimu, silabu kapena nsanamira ndi kuchuluka kwa zitsulo zake. Injiniya amayamba ndi katundu weniweni amene chomangacho chizisenza tsiku ndi tsiku: kulemera kwake komwe, njerwa, denga, anthu, matumba kapena madzi. Kenako amawerengera mmene katunduyo akupanikizira konkire ndi mmene akukokera chitsulo. Pomaliza amayerekeza zimene wapeza ndi malire ololedwa, omwe amaikidwa dala pansi kwambiri pa mphamvu yeniyeni ya konkire ndi chitsulo. Zikapyola malirewo, amakulitsa bimu kapena kuwonjezera zitsulo mpaka zitabwerera mkati.

N'chifukwa chiyani konkire imafuna zitsulo, pamene payokha ndi yolimba kale?

Konkire ndi yolimba poipanikiza, koma poikoka ndi yofooka. Mphamvu yake pokokedwa imangofika cha pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake popanikizidwa. Bimu ya pamwamba pa khomo ikasenza khoma imapindikira pansi pang'ono, mosaoneka ndi maso. Ikatero, kumtunda kwake kumafinyika ndipo kunsi kwake kumatamuka. Kunsiko n'kumene konkire imang'ambika, choncho n'kumene kumafunika chitsulo, chomwe sichiopa kukokedwa. Ziwirizi zimamvana chifukwa konkire imaluma chitsulo mwamphamvu, imachiteteza ku dzimbiri, ndipo kukatentha zimafutukuka pafupifupi mofanana.

Pa silabu yotulukira kunja popanda nsanamira, monga kadenga ka konkire ka pakhonde, zinthu zimatembenuka: kotamuka ndi kumtunda, ndiye zitsulo zikuluzikulu zimayenera kukhala kumtunda. Mmisiri wosadziwa izi amaziika pansi monga mwa nthawi zonse, ndipo kadengako kamathyokera pakhoma.

Malire ololedwawo ndi angati?

Titenge a m'buku la malamulo a ku Britain lotchedwa CP 114. Konkire yosakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale inkayembekezeka kufika mphamvu ya 21 N/mm² pakatha masiku 28. Kumeneku n'kunena kuti kachigawo kokula sentimita imodzi mbali zonse kangasenze makilogalamu oposa pang'ono 200 kasanaphwanyike. Koma mu bimu yopindika inkaloledwa 7 N/mm² basi, gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chitsulo chosalala wamba chimayamba kutamuka mosabwereranso pa 250 N/mm², koma chinkaloledwa 140 N/mm². Choncho chitsulo cha mamilimita 12, chimene chingagonje pa matani pafupifupi 2.8, chimapatsidwa ntchito ya matani 1.6 okha. Zitsulo zamizeremizere, zimene amisiri amazitchula kuti Y10, Y12 kapena Y16, n'zamphamvu kuposa pamenepo, ndipo malire ake ankafika 230 N/mm².

Konkire imasiyiridwa mpata waukulu kuposa chitsulo chifukwa chitsulo chimapangidwa kufakitale, pamene konkire imapangidwa pamalo pomwepo ndi fosholo, ndipo ya lero siifanana ndi ya mawa.

Kusiya magawo awiri mwa atatu a mphamvu osagwiritsidwa ntchito, si kutaya ndalama?

Ayi. Mwini ngolo amene akudziwa kuti ekiselo yake ingathyoke pa matumba 30 sapakira 29. Amapakira ochepa ndithu, chifukwa msewu uli ndi maenje, ena mwa matumbawo ndi odzaza mopitirira, ndipo ekiseloyo ikukalamba. Mpata umene injiniya amasiya uli ndi ntchito yomweyo. Umaphimba mchenga wosatsuka bwino, bimu yochepa ndi sentimita imodzi pa zimene pulani inanena, katundu wochuluka pa tsiku la ukwati kapena maliro, ndi zaka zambiri za mvula ndi dzuwa. Vuto limabwera pamene womangitsa ndi mmisiri audya mpatawo nyumba isanathe n'komwe.

Masamu a njirayi akhazikika pa mfundo ziti?

Zinayi. Yoyamba, katundu akawirikiza kawiri, kufinyika ndi kutamuka nakonso kumawirikiza kawiri, ndipo katundu akachoka chinthu chimabwerera mwakale. Mfundo imeneyi anaifalitsa Robert Hooke mu 1678, ndipo pa konkire imakhala pafupi ndi zoona pokhapokha katundu ali wochepa. Yachiwiri, chitsulo sichiterereka mkati mwa konkire, zimatamukira limodzi. Yachitatu, konkire ya mbali yokokedwa imatengedwa ngati yang'ambika kale, ndiye kukoka konse kumapatsidwa chitsulo. Yachinayi, kufinyika kumakhala kwakukulu pamwamba penipeni pa bimu, n'kumachepa mwandondomeko potsika mpaka pa mzere umene sipafinyika ndiponso sipatamuka. Kupeza pamene pali mzere umenewu ndiwo mtima wa masamu onse.

Nanga modular ratio imene ophunzira amavutika nayo n'chiyani?

Ndi nambala yonena kuti chitsulo n'chouma kangati kuposa konkire. CP 114 inkagwiritsa ntchito 15. Tanthauzo lake n'lakuti chitsulo ndi konkire zikafinyika mofanana, chitsulo chimasenza katundu wochuluka ka 15 kuposa konkire ya kukula komweko. Pamenepo injiniya amachulukitsa kukula kwa zitsulo ka 15, n'kuwerengera bimu yonse ngati ya konkire yokhayokha. Buku la ku India, IS 456, limapeza nambalayi pogawa 280 ndi malire a konkire ochulukitsidwa katatu. Malirewo akakhala 7, yankho ndi 13.33.

Tipatseni chitsanzo chooneka.

Tiyerekeze khomo la golosale lotambalala mamita atatu. Pamwamba pake pali bimu ya mamilimita 230 m'lifupi, molingana ndi khoma, ndi mamilimita 340 kuchokera pansi kufika pamwamba. Zitsulo zili mamilimita 300 kuchokera pamwamba. Katundu yense, kuphatikizapo bimuyo, njerwa ndi denga, ndi matani atatu, pafupifupi 30 kN, oyalidwa mofanana.

Mphamvu yopinda bimu imapezeka pochulukitsa katundu ndi kutalika kwa mpata, n'kugawa ndi 8: 30 kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 8, yankho ndi 11.25 kNm. Mkati mwa bimu muli mphamvu ziwiri zolimbana nayo, konkire yofinyika kumtunda ndi chitsulo chokokeka kunsi, ndipo pakati pa ziwirizi pali mamilimita pafupifupi 260. Kugawa 11.25 ndi 0.26 kukutipatsa 43 kN. Onani kuti katundu ndi matani atatu, koma chitsulo chikukokedwa ndi matani oposa anayi. Pa malire a 140 N/mm² pakufunika chitsulo cha 310 mm². Chitsulo chimodzi cha mamilimita 12 chili ndi 113 mm², ndiye pakufunika zitatu. Konkire ya kumtunda ikukhala mkati mwa malire ake a 7.

Tsopano mwini golosale anene kuti khomolo lifike mamita asanu ndi limodzi. Kutalika kwawirikiza kawiri, katundu wawirikiza kawiri, ndipo mphamvu yopinda yawirikiza kanayi, kufika 45 kNm. Bimu ya kukula kuja, pa malire omwewa, imalekera cha pa 27 kNm. N'chifukwa chake zitsulo zimene zinagwira ntchito kwa mnansi wanu sizingokopedwa. Chitsanzochi n'chophunzitsira chabe. Pulani yeniyeni imawerengeranso maling'i ozungulira zitsulo, kutalika kwa zitsulo zolowa m'khoma, ndi mphamvu ya khoma ndi maziko.

Zitsulo zikakhala zokwanira, pali kanthu kuti zakhala pati mkati mwa konkire?

Pali kanthu kwambiri. Pa bimu yomwe ija, tinene kuti maling'i anapindidwa aang'ono ndipo zitsulo zitatu zija zakhala pakatikati, mamilimita 170 kuchokera pamwamba m'malo mwa 300. Zitsulo ndi zomwezo, simenti ndi yomweyo, ndalama zalowa zomwezo. Koma mtunda wa pakati pa mphamvu ziwiri zija watsika kufika mamilimita osakwana 150, ndipo chitsulo chikukokedwa mopyola 220 N/mm², pafupi ndi 250 pomwe chimagonjera. Konkire nayo yapyola malire ake. Mpata wa chitetezo watsala pang'ono kutha, ndipo kunja sikuoneka chilichonse.

Kulakwitsa kwina n'kugoneka zitsulo pa matabwa penipeni. Zikatero sizikutidwa ndi konkire, chinyezi chimazipeza, dzimbiri limatupa n'kusenda konkire. Pansi pa zitsulo pamafunika timiyala ta simenti toumbidwa dala, tosiya mpata wa mamilimita pafupifupi 25 pa bimu ya mkati mwa nyumba, ndi 40 mpaka 50 pamene konkire ikukhudza dothi kapena madzi.

Bwanji osangochulukitsa zitsulo kuti mtima ukhale m'malo?

Chifukwa zitsulo zikachuluka mopitirira muyezo, choyamba kugonja chimakhala konkire, ndipo konkire imaphwanyika mwadzidzidzi. Bimu ya zitsulo zoyenera ikalemedwa imachenjeza: imapinda, ming'alu imakula, anthu amapeza nthawi yotuluka ndi kuichirikiza. Mainjiniya amafuna kuti chitsulo chifike pa malire ake konkire isanafike pa ake. Komanso zitsulo zothithikana zimatsekereza miyala, konkire siilowa bwino, ndipo mukachotsa matabwa mumapeza mabowo. Bimu ikachepa mphamvu, nthawi zambiri mankhwala ake n'kuitalikitsa kuchokera pansi kupita pamwamba.

Njirayi inachokera kuti?

Konkire ya zitsulo inakulira ku France. Joseph Monier, wosamalira minda ya maluwa, analembetsa mu 1867 luso lake loumba miphika ya maluwa ya simenti yokhala ndi waya mkati. François Hennebique analembetsa njira yake yomangira nyumba mu 1892. Mu 1894 Edmond Coignet ndi Napoléon de Tédesco anafalitsa masamu ogwiritsa ntchito modular ratio, ndipo njirayi inalamulira kwa zaka zoposa makumi asanu. Ku Britain buku la CP 114 linatuluka mu 1948, n'kukonzedwanso mu 1957. Dziko lathu linali pansi pa Britain mpaka 1964, ndipo mainjiniya a kuno anapitiriza kutsata mabuku a kumeneko. Choncho nyumba ndi milatho yambiri ya konkire ya zaka za m'ma 1950 ndi 1960 inawerengedwa mwa njira imeneyi.

Ngati inagwira ntchito zaka zonsezo, anaisiyiranji?

Inali ndi zofooka zitatu zazikulu. Choyamba, imatenga katundu yense mofanana, chonsecho kulemera kwa khoma kumadziwika bwino pamene katundu wa anthu ndi matumba amasinthasintha. Chachiwiri, siinena kuti bimu idzathyoka pa katundu wochuluka bwanji, chifukwa konkire ikayandikira kuphwanyika siitsatanso mfundo ya Hooke. Mabimu awiri owerengedwa ndi malire ofanana akhoza kukhala ndi chitetezo chosiyana. Chachitatu, konkire yosenza katundu zaka zambiri imafupika pang'onopang'ono n'kukankhira katundu ku zitsulo, makamaka mu nsanamira, ndiye manambala a papepala amasiyana ndi a m'nyumba.

M'malo mwake munabwera njira ya limit state. Ku Britain inalowa ndi CP 110 mu 1972, kenako BS 8110 mu 1985, buku limene mainjiniya ambiri a ku Malawi kuno aphunzira ndi kuligwiritsa ntchito. BS 8110 imachulukitsa katundu wokhazikika ndi 1.4 ndi katundu wosinthasintha ndi 1.6, imagawa mphamvu ya konkire ndi 1.5, kenako n'kuona ngati bimu ingapirire. Padera imaonanso kupinda ndi kukula kwa ming'alu. Kawirikawiri zotsatira zake ndi mabimu ocheperako ndi ndalama zocheperako. Britain inasamukira ku Eurocode 2 mu 2010.

Ndiye ili ndi ntchito yanji lero?

Ikadali nayo. Ntchito yoyamba ndi pa zosungira madzi. Thanki imene siigwa koma ikudontha yalephera kale, ndipo chimene chimachepetsa ming'alu n'kusalola chitsulo kutamuka kwambiri pa katundu wa tsiku ndi tsiku. Masamu owerengera zimenezi, ngakhale m'mabuku atsopano, ndi omwe aja a modular ratio. Buku la BS 8007 la 1987, lokhudza zosungira madzi, silinkalola mng'alu wopyola mamilimita 0.2. Kumbukirani kuti malita 1,000 a madzi ndi tani imodzi. Thanki ya malita 5,000 yokwezeka pa nsanamira pasukulu kapena pachipatala ndi matani asanu ali pamwamba pa mitu ya anthu.

Ntchito yachiwiri ndi pofufuza zomanga zakale. Amene wagula nyumba ya pa esiteti yakale n'kufuna kuisanjika kapena kugumula khoma ayenera kupeza injiniya womvetsa mmene anzake akale ankawerengera. Yachitatu ndi m'kalasi, chifukwa wophunzira amene wawerengera bimu ndi pensulo mwa njirayi amadziwa kumene mphamvu zikudzera, ndipo kompyuta ikamupatsa yankho lolakwika amalizindikira.

Simenti yolembedwa 32.5 kapena 42.5 siikutsimikizira kale mphamvu ya konkire yanga?

Ayi. Manambala amenewo amanena za simenti yokha, yoyesedwa mu labotale ndi mchenga wapadera pakatha masiku 28. Anthu a ku Kasungu ali ndi mwayi woti fakitale ya Shayona, yopanga simenti ya Akshar, ili m'boma lomwe lino cha kwa Wimbe, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards limayang'anira miyezo ya katundu wotere. Koma thumba labwino likafika pamalo, mphamvu ya konkire imakhala m'manja mwa osakaniza. Pa ntchito yaikulu amathira konkire m'tizikombole ta mamilimita 150 mbali zonse, n'kukaphwanya timiyala totulukamo ndi makina pa tsiku la 7 ndi la 28. Pa tsiku la 7 konkire imakhala itafika cha pa magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake.

N'chiyani chimene chimadya mpata wa chitetezo pamalo omangira?

Choyamba ndi madzi. Konkire yamadzimadzi imathirika mosavuta, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo. Thumba la makilogalamu 50 limafuna malita pafupifupi 25, ndipo mchenga ukakhala wonyowa achepe. Chachiwiri ndi muyezo. Thumba limodzi ndi malita pafupifupi 35, ndiye pa muyezo wa 1:2:4 limayendera malita 70 a mchenga ndi 140 a miyala. Kuyeza ndi ndowa imodzi yomweyo n'kodalirika kuposa kuwerenga mafosholo. Chachitatu ndi mchenga wa dothi. Thirani wina m'botolo la madzi, khutchumulani, dikirani ukhazikike. Matope akakhala ochindikala pamwamba pa mchenga, utsukeni kapena funani wina.

Chachinayi ndi dzuwa. Ambiri amamanga mu Seputembala ndi Okutobala, ndalama za fodya zili m'manja koma zitsime zikuphwa. Konkire siilimba chifukwa chouma, imalimba chifukwa simenti ikupitiriza kugwirana ndi madzi. Iphimbeni ndi ziguduli zonyowa ndipo muziithirira kwa masiku osachepera 7. Chachisanu ndi changu chochotsa mitengo yochirikiza kuti ikagwire ntchito pena. Pansi pa bimu ndi silabu mitengoyo ikhale milungu iwiri kapena itatu, kapena monga injiniya walembera.

Silabu ya nyumba yosanja ingasungirepo chimanga, fetereza kapena mabelo a fodya?

Pokhapokha ngati inawerengeredwa ntchito imeneyo. Pansi pa chipinda chogona, mabuku a ku Britain amawerengera 1.5 kN pa sikweya mita, makilogalamu pafupifupi 150. Amenewo ndi matumba atatu okha a makilogalamu 50. Mulu wa matumba khumi osanjikizana umapyola malirewo kangapo, ndipo matumba 200 ndi matani khumi. Ngati cholinga chanu n'chosungirapo katundu, nenani pulani isanajambulidwe.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kunyalanyazidwa?

Mng'alu woima pakati pa bimu kunsi kwake umene ukukulirakulira. Mng'alu wopendama pafupi ndi pamene bimu yakhalira pakhoma, womwe ndi woopsa kwambiri chifukwa ukhoza kudula bimu mosachenjeza. Mizere ya dzimbiri yotsata zitsulo, konkire yosendeka, silabu yoteramo madzi pakati, ndi zitseko zimene zayamba kukanirira. Mukaona zotere chotsani katundu, chirikizani ndi mitengo yolimba, ndipo itanani wodziwa. Kumata pulasitala kumangobisa.

Mmisiri wanga wamanga zaka zambiri. Injiniya ndi wofunikiradi?

Mmisiri waluso ndi chuma, ndipo bimu yozungulira nyumba wamba ndi timabimu ta pamawindo amazidziwa bwino. Koma ntchito yake ndi ya injiniya n'zosiyana. Pa nyumba yosanja, silabu ya pamwamba, khomo lotambalala, thanki yokwezeka, kalavati kapena mlatho wodutsa dambo, pamafunika masamu olembedwa ndi munthu amene angayankhe mlandu wake. Dziko lathu lilinso m'chigwa cha zivomezi, monga tinaonera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, ndipo chivomezi chimayamba kugwetsa zomwe mpata wake unadyedwa kale.

Mainjiniya a zomangamanga amaphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre, amalembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, ndipo ku khonsolo ya boma ku Kasungu kuli ofesi yoona za zomangamanga kumene mungayambire kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanagule chitsulo ngakhale chimodzi, pezani pulani yosonyeza kukula kwa bimu, nambala ya zitsulo ndi malo ake. Tsiku lothira konkire khalani pomwepo, pulani ili m'manja, muwerenge zitsulo ndi kuyeza ndi tepi konkire isanaziphimbe.